Kutchuna kumbuyo kwa snowmobile kuti isamadzutse mutu pachikweza

Chikweza chimene chinandichititsa manyazi koyamba chinali m'mapiri a pafupi ndi Revelstoke, ku British Columbia, ndipo sichinali chachikulu n'komwe. Ndinali pa snowmobile, makina oyenda pa sinowo (chipale chofewa) amene kutsogolo ali ndi ma ski, timatabwa tiwiri totsetsereka towongolera, ndipo kumbuyo ali ndi track, lamba wamkulu wa mano amene amazungulira n'kuwakankha. Ndinachiyamba ndi liwiro labwino, chala chachikulu chitakanikiza moto mpaka kumapeto. Nditafika chapakati, ma ski onse awiri anachoka pansi, anakwera, anakwerabe, mpaka kutsogolo kwanga kunangotsala mitambo yokhayokha. Ndinapotoza handulo kuti ndikhotere kumanja, koma kupotoza handulo ma ski ali m'malere n'chimodzimodzi kupalasa bwato lili pamchenga. Pansi apo track inali kalikiliki kudzikumbira dzenje. Ndinalumphira pambali, makina aja n'kugwa chagada, ndipo tinatha pafupifupi ola tikufukula ndi mafosholo, anzanga akuseka chikhakhali.

Madzulo ake ndinachita zimene ambiri amachita akapsa mtima. Ndinagwira lamba wa mkati mwa track amene amati limiter strap n'kumukoka mpaka pabowo lomaliza. Kutacha mutu unalidi pansi, koma makina analemera ngati ngolo ya mchenga. Ma ski ankalima sinowo, mapewa anandiwawa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo chikweza chomwe chija ndinachilepheranso, ulendo uno chifukwa chosowa liwiro. Vuto ndinangolisamutsa.

Ma ski amayenera kupepuka mukamakwera. Akapepuka, kulemera kumapita pa track, ndipo track ndi imene ikukukwezani. Chimene mukufuna n'chakuti azingopsopsona pamwamba pa sinowo, kapena adzuke chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndipo mukangochepetsa moto pang'ono abwerere pansi msanga. Malangizo onse ali m'munsimu ndi ofunira kamalo kapakati kameneko.

Gwadani kaye muone zili pansi pa mpando

Amene anaonapo njinga yamoto itasenza matumba awiri a chimanga kumbuyo ikulimbana ndi chitunda akudziwa kale theka la nkhaniyi. Pa snowmobile zimanyanya chifukwa zinthu ziwiri zimathandizana. Phiri lapendeketsa kale makina chakumbuyo, ndiye track nayo ikamakoka mwamphamvu imafinya kumbuyo kwa suspension (mikono, mashoko ndi masipuling'i onyamula makina), kutsogolo kwake n'kutambasuka kukankha pansi. Kukankha kumeneko ndi kumene kumanyamula mphuno.

Mukasuzumira mkati mwa track muona njanji ziwiri za aluminiyamu zimene track imatsetserekapo, ngakhale snowmobile ya Arctic Cat Alpha One ili ndi imodzi yokha pakati. Njanjizo zalumikizidwa kuthupi la makina ndi mikono iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Pa mkono wakutsogolo pali shoko imene ena amati center shock, ena front track shock. Ine ndizingoti shoko ya pakati. Pafupi nayo pali lamba wokhuthala wokhala ndi mabowo, womanga mkono kunjanji kuti usatambasuke mopitirira. Ameneyo ndiye limiter. Kumbuyo kuli shoko ina, ndipo kulemera kwanu kumanyamulidwa mwina ndi sipuling'i yozungulira shokoyo, mwina ndi mpweya wa mkati mwake, mwina ndi masipuling'i awiri a miyendo italiitali, m'mbali uku ndi uku, amene amati torsion. Makina ena alinso ndi timabuloko tiwiri kuseri kwa mkono wakumbuyo.

Shoko ya pakati muziiona ngati msomali wa pakati pa sikelo ya mbale ziwiri. Mbale imodzi ndi ma ski, ina ndi mchira wa track. Shokoyo ikalimba ndi kutalika, makina amayendayenda pamwamba pake mosavuta, mutu n'kumadzuka. Ikafewa kapena ikafupikitsidwa, kulemera kumagawikira kuma ski ndi kumchira. Mukamvetsa sikeloyi, zotsalazo n'zongotsatira.

Musanagwire sipanala

Lowetsani makina m'garaja yofunda usiku wonse kuti madzi oundana asungunuke. Suspension yodzaza ndi ayezi imalemera ndiponso imakunamizani poyeza. Zimitsani injini, zulani chingwe chozimitsira chija mumamangirira pajekete, ndipo mukanyamula kumbuyo muike pachoimikira cholimba, osati pa chitsa chogwedera.

Kenako fufuzani ngati palibe chathyoka. Shoko yodontha mafuta, sipuling'i yosweka, lamba wa limiter wothetheka, bawuti yomasuka pa mkono: chilichonse mwa izi chimadzutsa mutu, ndipo kutchuna sikungachikonze. Kanikizani bampala yakumbuyo ndi thupi lanu lonse n'kuisiya. Ikabwerera mwakamodzi ngati mpira, shoko yakumbuyo yatha, kaikonzetseni kaye.

Tengani kope ndi pensulo (bolopeni imakana kulemba kukazizira) mulembe mmene zonse zilili lero: limiter ali pabowo lachingati, sipuling'i ya pakati ndi yaitali mamilimita angati kumbuyo kutanyamulidwa, masipuling'i akumbuyo ali pa nambala yanji, mashoko a mpweya ali ndi psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) zingati. Jambulaninso ndi foni. Ngati makinawo munagula kwa munthu, bwezerani zonse pamene buku la kufakitale lanena n'kuyambira pamenepo, chifukwa mwini wake wakale mwina anali wolemera kuposa inu ndi makilogalamu 30, mwinanso ankakonda kuyendera mchira.

Gawo loyamba: mapazi anu

Ili silifuna chida. Anthu ambiri amene amadandaula za mutu wodzuka amakhala ataima kumbuyo kwa popondera, manja atatambasuka, akudzikoka ndi handulo ngati akutunga madzi pachitsime. Thupi lonse likalendewera pa handulo pachikweza, ndinu amene mukunyamula ma ski. Sunthirani mapazi kutsogolo, pindani maondo, chifuwa chikhale pamwamba pa handulo. Onaninso kuti handulo sinapendekere kumbuyo kapena kutalika kwambiri, pakuti yotero imakukankhirani kumchira musakufuna. Katundu wolemera, monga chigubu cha petulo chomangidwa kumapeto kwenikweni, musunthireni pafupi ndi mpando. Ndaonapo anthu akuchira matendawa ndi mapazi okha.

Gawo lachiwiri: yezani mmene kumbuyo kukukhalira pansi

Apa ndi pamene kutchuna kwenikweni kumayambira, ndipo n'pamene ambiri amalumpha. Ikani makina pamalo athyathyathya. Nyamulani bampala yakumbuyo mpaka suspension itambasuke yonse, muibweze pansi pang'onopang'ono, muyeze ndi tepi kuchokera pansi kufika pabampala. Lembani. Tsopano valani zonse zimene mumavala kuphiri, chisoti, nsapato, chikwama cha kumsana chili ndi fosholo yake, thanki ili ndi mafuta. Kwerani, dumphadumphani pang'ono, muime mmene mumaimira poyendetsa, mnzanu ayezenso pamalo omwe aja. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi kumene okonza amati sag. Buku la makina anu lili ndi muyezo wake, ndipo makina ambiri amagwera pakati pa masentimita 5 ndi 10. Ena amayezera pa kutalika kwa sipuling'i m'malo mwa bampala, choncho tsatirani njira ya bukulo.

Kumbuyo kukamira mopitirira muyezo, mwapeza wakuba wanu. Mchira wofewa umagwada mukangopatsa moto, ndipo ukagwada mutu umadzuka. Limbitsani.

Pa masipuling'i a torsion pali timabuloko tozungulira tokhala ndi manambala, timene mumatembenuza ndi chida cha m'bokosi la makina. Kwezani nambala imodzi, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa nambala yofanana. Musalumphe kuchoka pa nambala yapamwamba kugwera pa yotsikitsitsa mwachidule, bwererani nambala imodziimodzi, chifukwa timabulokoti timasweka. Pa shoko ya sipuling'i yozungulira, masulani nati yotsekera, mutembenuze mphete ya pansi pake kawiri, mumangenso. Pa shoko ya mpweya, monga Fox Float, nyamulani kumbuyo kuti shoko isasenze kanthu, mupope ndi pampu yake yaing'ono ija, psi 5 nthawi imodzi. Dziwani kuti mpweya umene mwapopa m'garaja yofunda umatsika mukatuluka kunja kozizira, choncho muyezo womaliza muutengere panja.

Mukafika pa nambala yomaliza koma kumbuyo kukumirabe, sipuling'iyo yachepa mphamvu pa thupi lanu. Gulani yolimba. Palibe manyazi pamenepo.

Gawo lachitatu: pezani chikweza choyesera

Sankhani kachitunda kafupi, kosaopsa, kopanda mitengo kapena miyala m'munsi mwake, kotambalala moti ulendo uliwonse mungadutse pa sinowo watsopano pafupi ndi pamene munadutsa kale. Yambirani pamalo amodzi, ndi liwiro limodzi. Mnzanu aime pambali, kutali ndi njira yanu, ajambule kanema. Mukhulupirire kanemayo kuposa mtima wanu: uli pamwamba umaganiza kuti ma ski afika m'chiuno pamene angodzuka pang'ono, ndipo nthawi zina zimakhala mosemphanitsa.

Sinthani chinthu chimodzi, kwerani kawiri, lembani. Mukasintha zitatu nthawi imodzi zinthu n'kuyenda bwino, simudziwa choti muthokoze, ndipo tsiku limene zidzavute simudzadziwa choti mubweze.

Potsika muziyang'ananso mzere umene mwasiya. Ngalande yakuya, yokhala ndi khoma uku ndi uku, ma ski osasiya chizindikiro chilichonse, ikutanthauza kuti munkayendera mchira ndipo track inkakumba. Mizere iwiri yakuya ya ma ski kuyambira pansi mpaka pamwamba ikutanthauza kuti mphuno yalemera kwambiri. Chabwino ndi mzere wa track wosazama, ndi timizere ta ma ski tooneka apa, tosowa apo.

Gawo lachinayi: kabatani ka shoko yakumbuyo

Ngati shoko yanu ili ndi kotembenuza kolimbitsira, kaya ndi KYB, Walker Evans kapena Fox, onjezerani kawiri kapena katatu chakolimba. Izi sizisintha sag, zimangochedwetsa kugwada kwa mchira, ndiye mutu umadzuka mwaulemu m'malo modzidzimutsa. Mashoko ena a Fox ali ndi malo otsekeratu shoko yakumbuyo pokwera. Amathandizadi pa chikweza chachitali, koma mukumbukire kutsekula potsika, apo ayi msana wanu udzakukumbutsani pa mabampu obwerera kugalimoto.

Gawo lachisanu: fewetsani shoko ya pakati

Mutu ukadali wouma? Bwerani pa msomali wa sikelo uja. Nyamulani kumbuyo kapena gonekani makina chammbali, masulani nati yotsekera, mubweze mphete kuti sipuling'i italike mamilimita atatu. Ngati ndi ya mpweya, chotsani psi 5. Kayeseni.

Pali malire awiri. Oyamba ndi akuti sipuling'i isafike pogwedera suspension itatambasuka. Igwireni ndi dzanja muipotoze. Ikamasewera mwapitirira, ndipo kachitsulo koigwira pamwamba kangathe kugwa n'kutayika m'sinowo. Achiwiri muwamva m'manja. Shoko ya pakati ndi imene imapepukitsa handulo ndiponso imene imakulolani kugoneka makina chammbali podula phiri mopingasa. Mukaifewetsa kwambiri, makina amakakamira pansi, amakana kupendeka, ndipo kutsogolo kwa njanji kumagunda pa bampu iliyonse. Amene mumakonda kuyenda m'mitengo, pano musachotsepo zambiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: limiter

Ndamusiyira kuno dala. Lamba ameneyu ndi wamphamvu kuposa zonse tatchulazi, ndipo bowo limodzi lokha limasintha khalidwe la makina.

Mukamufupikitsa, kutsogolo kwa njanji kumakokedwa m'mwamba. Mkono wakutsogolo sungathenso kutambasuka kwambiri, ndiye sungakankhe mphuno kupita kumwamba. Palinso phindu lina: track imakumana ndi sinowo mopendekeka pang'ono, ngati bwato likukwera pamafunde, motero imayandama msanga m'malo mokumba. Mtengo wake ndi woti ma ski amalemera nthawi zonse, handulo imauma, ndipo suspension imataya gawo la ulendo wake, choncho mabampu mumawamva. Mukamutalikitsa zonse zimatembenuka: handulo yopepuka, makina osewera, mutu wokonda kumwamba.

Kasinthidwe kake ndi aka. Lambayo amakhala wokungika, ndiye muyenera kumufooketsa kaye. Njira yosavuta ndi kuika thabwa lokhuthala pansi pa track, molunjika kutsogolo kwa njanji, n'kutsitsira makina pamenepo kuti kulemera kwake kufinye mkono wakutsogolo. Mnzanu akakhalapo zimaphweka. Njira ina ndi kugoneka makina chammbali n'kukoka njanji ndi lamba womangira katundu. Lamba akafooka, masulani bawuti, musunthire bowo limodzi lokha, mubwezere mawashala ake monga analili, mumange pa mphamvu imene buku lanena. Nati yokhala ndi pulasitiki mkati ikayamba kulowa mosavuta ndi zala, yatha ntchito, ikani ina. Ngati malamba ali awiri, onse akhale pabowo lofanana.

Mukamachitira izi kuphiri, yalani jekete pansi pa malo amene mukugwirapo. Nati ikagwera m'sinowo wofewa siimveka kugwa ndipo siipezeka. Tsiku lina ndinakumba ndi manja mpaka zala zinachita dzanzi, mapeto ake ndinamanga ndi waya n'kubwerera pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Kuyambira pamenepo m'thumba mwanga mumakhala bawuti ndi nati zapadera.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kufupikitsa limiter kumafinyanso sipuling'i ya pakati, chifukwa shoko yagwidwa isanatambasuke yonse. Ndiye mukasuntha bowo, yezaninso sipuling'iyo, ndipo ikaoneka kuti yauma kwambiri ibwezeni pang'ono. Makina ena a Ski-Doo Summit ali ndi kandodo pambali kosinthira limiter pakati pa wamtali ndi wamfupi popanda sipanala. Amene muli nako, gwiritsani ntchito wamfupi pa chikweza chowongoka, wamtali m'mitengo.

Mabowo awiri nthawi imodzi, ayi. Ine ndinayesa kale m'malo mwanu.

Timabuloko takumbuyo, kwa amene ali nato

Makina ambiri a m'njira zosalazidwa ndi ena apakatikati ali ndi suspension yolumikiza mikono iwiri: mkono wakumbuyo ukagwada kufika pena pake, umagunda kabuloko n'kugwaditsanso mkono wakutsogolo. A kampani ya Ski-Doo amati coupling block, a Polaris amati scissor stop. Tembenuzani kuti mbali yokhuthala iyang'ane mkono, ndipo kugundako kuzichitika msanga, mutu uzitsika. Mbali zonse ziwiri mofanana. Makina enieni a m'mapiri ambiri alibe timabulokoti, choncho mukatisowa musadandaule.

Mukatha, onani kukungika kwa track

Kusuntha limiter kumasintha kukungika kwa track. Nyamulani kumbuyo, pachikani cholemera chimene buku lanena m'munsi mwa track, muyeze mpata pakati pa track ndi pulasitiki ya pansi pa njanji. Mabuku a Polaris amakonda kunena makilogalamu 4.5, a Ski-Doo pafupifupi 7, ndipo mpata wake umasiyana malinga ndi makina. Masulani bawuti ya ekiselo yakumbuyo, mutembenuze zokungira za mbali zonse mofanana, muzungulitse track pang'onopang'ono kuti muone ngati ikuyenda pakati, kenako mumange. Track ikamazungulira pasaime munthu kumbuyo, pakuti imaponya ayezi ndi timiyala ngati legeni. Track yofooka imalumpha mano pokwera, mumva phokoso la kugogoda pansi pa mapazi; yokungika kwambiri imadya mphamvu ndi pulasitiki.

Zimene sipanala singasinthe

Track yaifupi, ya mainchesi 146, idzadzutsa mutu kuposa ya 165 kapena 175 ngakhale mutatchuna bwanji, chifukwa mchira wautali ndi umene umatchinjiriza makina kuti asagwe chagada. Polaris Khaos anaipanga dala kuti izisewera kuposa Pro RMK, ndiye musayembekezere kuti ikhale yofatsa ngati mnzakeyo. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse amene mwakwera, kotero makina olusa kuchigwa amakhala odekha pamwamba. A turbo, monga Ski-Doo 850 imene inatuluka mu 2020, amasunga mphamvu zawo kumtunda ndipo amafuna mchira wolimbirapo. Sinowo nayenso amasintha. Wofewa wa mu Januwale amalola track kuterereka, pamene wolimba wa mu Epulo amaigwira zolimba, ndipo makina amene anali aulemu nyengo yonse amayamba kuima njo. Kope lanu likhale ndi masamba awiri, la sinowo wofewa ndi la wolimba.

Mutu ukadzuka pakati pa chikweza, musasiyiretu moto, chifukwa mudzaima pomwepo n'kumira. Chepetsani pang'ono, gwirani buleki kamodzi mwachangu ndi chala chimodzi kuti mphuno igwe, mupatsenso moto. Mukaona kuti liwiro likutha, khotani mubwerere pansi mukadali ndi mphamvu yokhotera.

Makina otchunidwa bwino amakufikitsani pamalo amene kale simunkafika, ndipo ambiri mwa malo amenewo ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, pamene chigumukire cha sinowo chimakonda kuyambira. Pa 13 Malichi 2010, pa Boulder Mountain pafupi ndi Revelstoke pomwepo, chigumukire chinatsikira pa gulu la anthu amene anaima m'munsi kuonerera anzawo akukwera, ndipo awiri anamwalira. Werengani chenjezo la Avalanche Canada, bungwe lochenjeza za zigumukire, kapena la dera lanu m'mawa uliwonse. Aliyense avale kachipangizo kolozera munthu wokwiririka, anyamule ndodo yofufuzira ndi fosholo, ndipo adziwe kuzigwiritsa ntchito. Paphiri pazikhala munthu mmodzi nthawi imodzi. Mnzanu akatitimira pamwamba, musakwere kukamuthandiza. Muoneleni muli pambali, makina anu atayang'ana kothawira, mpaka adzifukule yekha.